Njerwa ya a Mawuoyamba

Bambowa sankatha kuyankha funso asanakonze kukhosi. Mukawafunsa ngati penti yoyera ilipo, ankavula magalasi, kuwapukuta ndi nsonga ya tayi, n'kunena kuti, "Ndisanayankhe, ndiloleni ndinene mawu oyamba." Mawu oyambawo ankafotokoza kusiyana kwa kuyera kwa mkaka ndi kuyera kwa laimu, ndiponso chifukwa chimene makoma a masiku ano sachedwa kusuluka. Kasitomala wachangu ankangowoloka msewu n'kukagula kwina. Choncho dzina lawo lenileni linazimiririka, ndipo aliyense, kuyambira onyamula katundu mpaka apongozi awo, ankawatchula kuti a Mawuoyamba.

Ankagwira ntchito m'sitolo ya penti ya alamu awo, mlongo wa akazi awo. Malo awo anali kumbuyo, pa makina ogwedeza zitini, pamene ankasakaniza mitundu atavala tayi mkati mwa ovolosi. Alamuwo anawaika kumeneko dala, chifukwa makinawo akayamba kulira munthu sangamve zimene mnzake akunena.

Kunyumba nako kunalibe pothawira. Chipinda chimene anachikonza kuti chikhale chowerengeramo munalowa apongozi. Azakhali a akazi awo anabwera kudzaonetsa maso kuchipatala. Maso anachira bwinobwino, koma njira yobwerera kwawo sankaionabe. Pabalaza pankagona asuweni amene palibe ankakumbukira kuti anawaitana ndani. A Mawuoyamba akati ayambe nkhani patebulo, wina ankakweza wailesi, wina n'kuwapempha kuti akweze miyendo asese. Mabuku awo anachoka pashelefu n'kulowa m'katoni, katoniyo n'kuchoka kunsi kwa bedi kupita m'galimoto yawo yakale, imene inafa kalekale ndipo inkangokhala pamiyala kuseri kwa nyumba. Akaweruka kuntchito ankalowa mmenemo, kukhala pampando wakumbuyo n'kukweza mawindo onse.

M'katonimo munali buku limodzi limene ankalikonda kuposa ena onse, ndipo pamenepa tisawaseke. Ali mnyamata ankapenta nyumba za anthu, ndipo tsiku lina anagwa pamakwerero n'kuthyoka mwendo. M'chipatala, bambo wa pabedi loyandikana nalo anatuluka n'kusiya chibuku chopanda chikuto, chakalekale, chomasuliridwa kuchokera ku dziko lina lozizira. Chinkasimba za banja limene linamanga mlatho kwa mibadwo itatu, uku likukangana, kukwatira anthu olakwika ndi kuikana m'manda. Mnyamata wopentayo anachiwerenga chonse mwendo uli m'mwamba, ndipo atafika pamene madzi anakokolola mlathowo analira mpaka namwino anabwera ndi mankhwala a ululu. Kuyambira pamenepo ankafunafuna munthu mmodzi yekha woti akambirane naye bukulo, koma sanamupeze.

Atagula foni yamakono, anaona kuti mwayi wafika. Anatsegula gulu la pafoni n'kulitcha Bwalo la Mabuku Akale. Munalowa dokotala wa mano, mayi wosachulutsa mawu amene anabwera kudzagula penti ya chipatala chake n'kusiya nambala. Iye anaitana loya wina, loyayo n'kuitana aphunzitsi angapo ndi namwino wogwira ntchito kunja, ndipo gulu linakula. Ambiri mwa iwo a Mawuoyamba anali asanawaonepo maso ndi maso. M'gulumo munalibe wowauza kuti akweze miyendo. Mmenemo anali a Wapampando, ndipo akaona mawu amenewo pafoni mtima wawo unkakhala m'malo, ngakhale tsikulo alamu awo atawakalipira pamaso pa makasitomala.

Malamulo analemba okha. Buku likatha, aliyense ankatchula lina lakale limene akufuna, kenako onse n'kuponya voti podina pafoni. Amene buku lake lapambana ndiye ankatsogolera zokambirana, mutu ndi mutu, mpaka kumapeto. Lamulo limeneli analilemba akudziona kale ali kutsogolo, akuwolotsa anthu ophunzira pamlatho uja.

Koma buku lawo silinkapambana. Ulendo woyamba atatumiza chithunzi chake, a Loya analemba kuti, "Limeneli si buku, a Wapampando, ndi njerwa. Mutagenda nalo galu, mukayankha mlandu." Dzina la Njerwa linakanirira pomwepo. Voti ikabwera, ankapambana ndi timabuku topyapyala, ndipo Njerwa inkapeza voti ya mwini wake basi. A Mawuoyamba sankakhumudwa nthawi yaitali, popeza chifukwa chake ankachidziwa: anthu a masiku ano ndi aulesi, amaopa masamba ngati mwana woopa jakisoni. Ndipo ngakhale wotsogolera akhale wina, iwo sankamana gulu nzeru zawo. Ankalowa m'galimoto muja n'kujambula uthenga wa mawu wautali mpaka foni kutentha m'manja. Anzawo ankayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu choimika, ndipo iwo ankati anthuwo asowa chonena chifukwa cha kuzama kwa mfundo.

Nthawi yosankha buku itakwananso, adokotala a mano anatchula kabuku ka mkazi wamasiye amene ankayendetsa nyumba ya alendo. Kanali kakale ndithu, koma kopyapyala moti mukhoza kutsekera nako mpata wa pansi pa chitseko. Mavoti anayamba kukhamukira komweko. Njerwa inapeza voti yachiwiri, a Mawuoyamba n'kudumpha pampando, koma posakhalitsa votiyo inachoka, mphunzitsi wina n'kupepesa kuti chala chinaterereka. Voti inali yoti itsekedwe Lamulungu.

Nzeru inawabwerera ali patebulo. Anayang'ana anthu onse amene ankatafuna chakudya chawo, n'kuona kuti aliyense dzanja lina lili m'mbale, lina lili pafoni. Kwa zaka zonsezi ankawaona ngati pakamwa pongodya, osadziwa kuti akuweta mavoti.

Anayamba ndi akazi awo, amene ankatsuka mbale kukhitchini.

"Mayi, tandibwerekani foni yanuyo."

"Mwayamba liti kufufuza mafoni a anthu?"

"Sindikufufuza ayi. Ndikufuna ndikulowetseni m'gulu lathu la mabuku. Mungodina pamene ndikuonetseni, basi, ntchito yanu yatha."

"Gulu lija mumakadzitsekera nalo m'galimoto? Muli akazi mmenemo?"

"Muli anthu ophunzira."

"Ndafunsa kuti muli akazi?"

A Mawuoyamba anavula magalasi kuti anene mawu oyamba, koma mayiwo anali atapukuta kale manja n'kuwapatsa foni.

Alamu awo anawapeza m'mawa mwake akutsegula sitolo.

"Alamu, muli anthu omanga nyumba mmenemo?" anafunsa bwanayo.

"Muli maloya, madokotala, aphunzitsi."

"Ndiye kuti akumanga. Ndilowetseni."

Azakhali anangofunsa ngati gululo limayamba ndi pemphero. Apongozi anawadinira ndi mwana wawo. Asuweni analowa onse, n'kuitananso asuweni awo. A Mawuoyamba analengeza m'gulu kuti alandira okonda mabuku akale amene akhala akuwachonderera kwa nthawi yaitali, ndipo za chibale sanatchulepo kanthu. Anaiwala chinthu chimodzi: pafupifupi onsewo chithunzi chawo cha pafoni chinali cha ukwati umodzi, ndipo kumbuyo kwa mkwatibwi kunkaoneka dazi la a Wapampando.

Lamulungu masana Njerwa inapambana, kabuku ka mkazi wamasiye n'kutsalira kutali.

"A Wapampando," analemba a Loya, "anthu atsopanowa bwanji onse ali ndi mphuno imodzi?"

A Mawuoyamba anathamangira m'galimoto n'kujambula yankho. Anafotokoza kuti malamulo a Bwalo satchulapo za mphuno, kuti mutu umodzi susenza denga, ndiponso kuti amene wagonja pa voti ayenera kugonja mwaulemu monga mmene iwo akhala akuchitira. Adokotala a mano analemba mawu amodzi okha, akuti "Chabwino." Tsiku limenelo a Mawuoyamba anasangalala zenizeni, chisangalalo cha mwana amene wavala nsapato zatsopano. Anatulutsa Njerwa m'katoni, kuipukuta fumbi ndi tayi, n'kuinunkhiza.

Lolemba kusanache bwino, azakhali anatumiza m'gulu chithunzi cha maluwa chokhala ndi madalitso a tsikulo, n'kulamula kuti aliyense ayankhe Ameni. Amene sanayankhe anawatchula mmodzimmodzi, kuyambira a Loya, n'kuwafunsa ngati kwawo kulibe akuluakulu. Alamu anatsatira ndi zithunzi za zitini za penti, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Asuweni anayamba kukangana za mpira. Namwino wa kunja uja anafunsa mwaulemu ngati walowa gulu lolakwika.

A Mawuoyamba anati zimenezo ndi zing'onozing'ono, zitha zokha phunziro likayamba. Ataweruka analowa m'galimoto, kukweza mawindo, n'kujambula mawu oyamba a mawu oyamba a bukulo. Anayambira pa tanthauzo la mlatho, n'kudutsa pa mbiri ya mwendo wawo. Atatumiza anadikira, thukuta lili kamukamu, kuti anthu ophunzira athire ndemanga. Yankho loyamba linachokera kwa akazi awo, m'gulu momwemo, pamaso pa onse.

"Mukamaliza zimenezo mutuluke m'galimotomo. Kuseri kwa kabati kwafera khoswe."

A Loya anatumiza kachithunzi ka munthu woseka mpaka misozi. Aka kanali koyamba kuti uthenga wa a Wapampando ulandire china chosakhala chala choimika.

Choopsa chinabwera patapita masiku ochepa. Apongozi, pofuna kuona maluwa a azakhali, anakanikiza malo olakwika n'kugwira osasiya, foni n'kujambula zonse zimene zinkayankhulidwa pabalaza n'kuzitumiza m'gulu. Munkamveka masipuni, wailesi, kenako mawu a alamu, omveka bwino ngati ali pamaliro: "Munthu uja ntchito ndimangomusungira chifukwa cha mlongo wangayu. Kasitomala akamuona amathawa. Ndiye akuti wapampando, wapampando wa chiyani? Mpando wa galimoto yakufa?" Kenako kuseka kwa nyumba yonse, ndipo kuseka kwa akazi awo ankakudziwa bwino. A Mawuoyamba anaumva uthengawo ali pa makina ogwedeza zitini. Anaumvanso kachiwiri, ngati kuti mwina usintha. Zinawapweteka kwambiri, osati chifukwa anali asakudziwa zimene abale amawaganizira, koma chifukwa tsopano a Loya ndi adokotala azimva.

Kenako anthu anayamba kutuluka. Pafoni pankangobwera timizere ting'onoting'ono tonena kuti uje watuluka, uje watuluka. Aphunzitsi anapepesa kuti mafoni awo adzaza. Namwino anati ntchito yachuluka. A Loya anatsanzika ndi ndime yaitali yodzaza ndi ulemu wobaya, n'kufunira banja lonse kuwerenga kwabwino. Adokotala a mano anatuluka osanena kanthu, ndipo kutuluka kwawoko ndi kumene kunawawa kuposa kwa ena onse.

A Mawuoyamba anaganiza zosesa m'gulumo kuti akale aja abwerere. Anayamba ndi msuweni wamng'ono kwambiri, wa mpira uja, poyesa madzi. Pofika kunyumba anapeza pabalaza pali zii, azakhali atakana kudya.

"Lero mwathamangitsa mwana pafoni," anatero azakhaliwo, maso ali kukhoma. "Mawa mutithamangitsa m'nyumba. Nenani tilongedze."

Akanakhala munthu wolimba mtima akanawabweretsera chikwama. M'malo mwake anapepesa, n'kumubwezera msuweniyo m'gulu. Alamu anati kuti zoterezi zisachitikenso, nawonso akhale adimini woyang'anira gululo, ndipo munthu sukana bwana amene alinso mlongo wa mkazi wako. Pofika Loweruka Bwalo la Mabuku Akale linali litasintha dzina kukhala Banja Ndi Limodzi, ndipo pachithunzi pake panali khanda la msuweni wina litavala chipewa. A Mawuoyamba anapitirizabe kutumiza phunziro la mutu woyamba, kenako wachiwiri, poti voti ndi voti. Palibe ankatsegula, kupatula azakhali, amene ankayankha kuti Ameni.

Ali mkati mwa zimenezi, dzino lakumapeto linayamba kuwawa. Anayesa mchere, anayesa mapiritsi, tsaya n'kumatupirabe. Pamapeto pake anavomera kupita kwa adokotala aja, ndipo mumtima anati mwina dzinoli latumidwa kuti liwakumanitse. Ali pabenchi yodikirira, pakati pa mwana wolira ndi bambo wogwira chibwano, anakonza zoti akanene. Akayamba ndi kukhululukira onse amene anatuluka, kenako afotokoze kuti buku lalikulu limafuna mtima waukulu, ndipo amalize ndi kuwaitana kuti abwerere popanda chilango.

Kenako analowa m'chipindamo. Pawindo, pafupi ndi bokosi la magolovesi, panali Njerwa. Inali yatsopano, yachikuto cholimba, koma m'mphepete mwa masamba munali mutada kale ndi zala, ndipo kapepala kosungira malo kanali katadutsa pakati. Anavula magalasi n'kukonza kukhosi.

"Adokotala, ndisanakhale pansi, ndiloleni..."

"Gonani apa, bambo. Yasamulani."

Anayasamula. Jakisoni analowa, tsaya linachita dzanzi, thonje linadzaza mkamwa, ndipo kapaipi koyamwa malovu kanakoledwa pamlomo. Adokotala anakoka nyale n'kuyamba ntchito, uku akulankhula modekha ngati mmene amachitira ndi odwala onse.

"Mwaliona eti? Tadutsa pakati tsopano. Tinatsegula kagulu kena, ife akale aja. Bukuli ndi labwino, bambo, munkanena zoona. Dzana tinafika pamene madzi akokolola mlatho paja. A Loya anavomera pagulu kuti analira, munthu wamkulu uja. Musatseke pakamwa."

"Aa-aa?" anatero a Mawuoyamba, maso ali tong'o.

"Mukufunsa kuti tinkalikaniranji? Ife sitinkakana buku ayi. Tonse tinkalifuna kalekale, ena tinali titagula kale. Koma paja lamulo munalemba nokha, lakuti wopambana ndiye atsogolere. Ndiye tinkati tikayang'ana kunenepa kwa bukulo, n'kuganiza kuti mutu uliwonse ukhala ndi mawu oyamba anu, tinkaona kuti chikhala chaka chathunthu muli m'makutu mwathu. Tinkangoti bola ka mkazi wamasiye. Tembenukirani kuno pang'ono."

Misozi inatsika m'mbali mwa maso n'kulowa m'makutu. Adokotala anaima kaye.

"Likupweteka? Pepani, latsala pang'ono."

Silinkapweteka dzino. Anthu amene anawafunafuna kuyambira ali mnyamata wa mwendo wothyoka analipo, anali atafika pamlatho, analira pamalo omwe iwo analira, ndipo anachita zonsezo bwinobwino popanda iwo. Ankafuna kufunsa ngati azindikira kuti mwana wamkazi wamng'ono wa banja lomanga mlatho lija ndiye ankadziwa kuti mzati wapakati ndi wosalimba. Ankafuna kuwachenjeza kuti asamuweruze msanga mkamwini wa m'bukumo. Zonsezo zinathera m'kapaipi koyamwa malovu.

Dzino linatuluka n'kugwera m'kambale kachitsulo. Adokotala anaika thonje latsopano pabalapo.

"Lumani apa. Musalankhule mpaka madzulo, magazi angayambirenso."

A Mawuoyamba anadzuka pampando, tsaya lili lende. Anatulutsa foni, kulemba, n'kuwaonetsa adokotala. Unali uthenga waufupi kuposa wina uliwonse umene analembapo: "Mungandilowetse? Ndizingowerenga zanu. Sindizinena kanthu."

Adokotala anawerenga, kuvula magolovesi n'kuwaponya m'bini. Anasamba m'manja nthawi yaitali, mpaka pakati pa zala.

"Ine pandekha sindingalamule, bambo," anatero akupukuta manja. "Ndikawauza anzanga. Tiponya voti."

Kenako anatsegula chitseko n'kuitana wodwala wotsatira.